Makina Amene Orval Sanatsuke

Orval Teague anakulira m'nyumba momwe munthu sankagwira buledi asanasambe m'manja ndi kupemphera. Bambo ake, a Lemuel, anali kalipentala komanso mkulu wa mpingo m'katauni kena ku Indiana. Mayi ake, a Hattie, ankasoka zovala. Mwana wawo anali yekhayu, ndipo mu 1940 atalembedwa ntchito ku fakitale ya mankhwala kutsidya kwa njanji, mayiwo anagwetsa misozi ya chimwemwe.

"Mwana wanga," anatero a Lemuel m'mawa woyamba, "ine ndikakhoma mpando wopendekeka, munthu amagwa n'kudzuka akutukwana. Ntchito yakoyi si choncho ayi. Uzisamala."

"Ndamva, bambo."

Orval anapatsidwa makina oumba mapiritsi. M'mawa makinawo ankaumba mapiritsi ogonetsa tulo, masana n'kuumba a chibayo. Masiku amenewo malamulo a kapangidwe ka mankhwala anali asanakhwime, moti choteteza odwala chinali chikumbumtima cha wantchito basi. Posintha mankhwala, Orval ankayenera kumasula makinawo, kuwatsuka ndi kuwapukuta mpaka ufa wam'mawa utheretu. Miyezi yoyambirira ankachita zimenezi mwakhama, kapitawo mpaka kumamuyamikira.

Kenako anapalana ubwenzi ndi Dewey Rudd wa pa makina oyandikana nawo, mnyamata wanthabwala amene kabotolo ka wisiki sikankachoka m'thumba la jekete yake.

"Aise, ukuwapukuta chonchi ngati adyerapo abusa?" anatero Dewey tsiku lina. "Nthawi yopuma ikutha iyi. Ingouzira fuu, ufa uchoke, tipite kuseri tikanyowetse kukhosi."

"Bambo atamva zimenezi..."

"Bambo akowo ali muno? Ine ndakhala ndikungouzira chilowereni ntchito. Unamvapo kuti wina wafa?"

Orval anauzira. Mtima unamugunda sabata yonse, koma palibe chinachitika. Sabata yotsatira sunagundenso. Posakhalitsa iye ndiye ankayamba kukodola Dewey belu likangolira.

A Hattie anamva fungo pamene ankachapa malaya ake.

"Orval, wayamba kumwa?"

"N'za anzanga izo, amayi. Mowa unangonditayikira."

"Unakutayikira m'kamwa? Ndiyang'ane. Munthu wogwira mankhwala a odwala angamaledzere masanasana?"

"Mwayambatu kundilalikira," anatero Orval, n'kumenyetsa chitseko. Kunja anachita manyazi, koma sanabwerere kukapepesa.

Tsiku lina m'nyengo yozizira anamwa mopitiriza. Atabwerera pa makina, maso ali psuu, ngakhale kuuzira komwe sanauzire. M'chitini cha pamwamba pa makina munali mutatsala ufa wambiri wogonetsa tulo. Anauona. Anaganiza zotsuka, koma miyendo inali yolemera ndipo kapitawo anali akukuwa kuti ntchito yachedwa. Anangokhuthulira ufa wa chibayo pamwamba pake, n'kuyatsa makina. Mapiritsi anatuluka oyera mbee, osasiyana ndi ena onse.

Chibayo chinavuta chaka chimenecho. Arlene, kamtsikana ka a Voss otsogolera kwaya kutchalitchi kwawo, kanadwala, ndipo dokotala anakapatsa mapiritsi ochokera ku fakitale kuja. Kanagona tulo, makolo n'kumathokoza Mulungu kuti kapezako mpumulo. Sikanadzukenso.

Loweruka masana a Lemuel anaitana Orval kumene ankakhomera matabwa.

"Tandigwirira thabwali. Bokosi la maliro a mwana sindinalizolowere."

Orval analigwira. Bokosilo linali lalifupi, losafika ndi m'chiuno mwake.

"Akuti si Arlene yekha," anapitiriza a Lemuel akukhoma msomali. "M'matauni ena anthu akugona osadzuka atamwa mapiritsi omwewa. Akubwera a boma kudzafufuza."

Lolemba anthu a boma anafikadi. Ankadziwa kuti mapiritsi oipawo anachokera mu fakitaleyo, koma sankadziwa kuti anaumbidwa liti ndipo anatumizidwa kuti. Ambiri anali akadali m'masitolo ndi m'zipatala. Dewey anakokera Orval pambali.

"Tseka pakamwa, aise. Palibe anakuona. Ukayankhula watipachika tonse."

Orval anakhala chete tsiku lonselo. Pobwerera kunyumba anakumana ndi mayi wina akutuluka mu sitolo ya mankhwala, kabotolo kali m'manja, mwana wotsokomola akumukoka siketi. Orval anakumbukira kabokosi ka Arlene. Anathamangira kwa bambo ake n'kugwada pa utuchi.

"Bambo, ndine. Sindinatsuke makina. Ndinali nditaledzera."

A Lemuel anaika hamala pansi. Misozi inatsikira m'ndevu zawo.

"Tsikulo ukulikumbuka?"

"Ndikulikumbuka."

"Ndiye dzuka. Kulira tidzalira pambuyo. Tiye ukawauze anthu aja, ndikuperekeza."

Chifukwa cha zimene Orval anaulula, makatoni a mapiritsi a tsiku limenelo anatsatidwa n'kubwezedwa, ndipo anthu ambiri anapulumuka osadziwa n'komwe. Koma omwe anali atapita anali atapita. Orval anachotsedwa ntchito n'kukaonekera kukhoti. Dewey anakwera sitima m'mawa mwake, sanaonekenso. A Hattie anasiya kupita ku msonkhano wa amayi, ndipo a Voss sanaimbitsenso kwaya.

M'zaka zotsatira boma linakhwimitsa malamulo. Makina anayamba kutsukidwa wina akuyang'anira, ndipo mankhwala ankayezedwa kaye asanatuluke pa geti. Orval ankamva zimenezi akusesa pa siteshoni ya sitima, ntchito yokhayo yomwe anthu anamukhulupirira nayo. Mowa sanaulawenso. Lamlungu ankakhala pa benchi yakumbuyo, ndipo anafika pomera imvi asanathe kuyang'ana a Voss m'maso.

Mnyamata iwe, mtsikana iwe, Orval sanali munthu wankhanza. Sanafune kupha mwana wa munthu. Anangomvera mnzake woipa, n'kulola mowa ndi ulesi kumugwira manja pa ntchito imene palibe ankamuona. Mulungu amakhululukira wolapa, ndipo ndikhulupirira anamukhululukira Orval. Koma kulapako sikunamubwezere mayi Voss mwana wawo. Ntchito imene wapatsidwa uigwire yonse, uli bwinobwino m'mutu, pakuti wodzavutika ndi ulesi wakowo mwina ndi mwana amene sakukudziwa n'komwe.