Ndajambula Ndine

Mwana woleredwa bwino salemba dzina lake pansi pa ntchito imene manja ake sadagwire. Gloria Eliya ankalidziwa lamulo limeneli, pakuti bambo ake adali mkulu wa mpingo ndipo sankatopa kulinena. Komabe Lolemba lina m'mawa, belu lisadalire pa sekondale yoyendera ya kufupi ndi Nsaru, mtsikanayu adatenga pensulo nalemba dzina lake m'munsi mwa chithunzi, kenaka adakachiika patebulo la aphunzitsi.

Chidali chithunzi cha a Evaristo, mlonda wa pasukulupo, atatsamira njinga yawo. Makwinya a pamphumi, imvi za m'ndevu, ngakhale chigamba cha pabondo, zonse zidaoneka m'mizere yosalala ya pensulo. A Lyson, mphunzitsi wa Fomu 1, adachiyang'ana nthawi yaitali.

"Kodi wajambula ndani chimenechi?"

"Ndajambula ndine, aphunzitsi," adayankha Gloria.

Apa mtsikanayu adabisala kuseri kwa liwu limodzi. M'chiyankhulo chathu, wogwira pensulo timati wajambula, wogwira kamera timatinso wajambula. Zoona zake zidali zakuti mchimwene wake Harrison, amene ankagwira ntchito m'sitolo ku Njewa, adamusiyira foni yakale namuonetsa tsamba lina la pa intaneti. Munthu ukaikapo chithunzi cha pafoni, chimatuluka ngati chojambula ndi pensulo. Gloria ankajambula anthu mobisa ndi foniyo, nkukasindikiza papepala lokhuthala pamsika wa Nsaru. Pomaliza ankadutsitsa pensulo m'tsitsi ndi m'kolala kuti wokhudza pepalalo ade chala. Motero ponena kuti "ndajambula ndine" ankadziuza kuti sadaname. Koma mawu oona onenedwa ndi cholinga chosocheretsa munthu ndi bodza lomwe, lavala chabe malaya a kutchalitchi.

Mbiri yake idawanda. A Lyson adapachika zithunzi zake zinayi kukhoma la kalasi, ndipo alendo akafika pasukulupo ankawatengera kumeneko. Anzake ankamukanganirana.

Mmodzi wa iwo adali Tisiyenji, mnzake wa desiki limodzi. Ankachokera kutsidya kwa dambo, ndipo nyengo ya fodya ankafika mochedwa, manja ali bii ndi utomoni wa masamba, popeza ankayamba wathandiza mayi ake amasiye kusoka fodya.

"Iwe Gulo, undijambuleko nanenso," adatero tsiku lina pa nthawi yopuma.

"Ndi tsitsi limenelo? Pensulo yanga ingathyoke!" adayankha Gloria, atsikana ena nkuphulika nako kuseka. "Ukapese kaye, ndidzakujambula mawa."

"Mawa lakolo limayenda pansi kuchokera ku Mchinji, eti?" adatero Tisiyenji, nayenso akuseka.

Adapempha kachiwiri, kachitatu. Yankho silidasinthe.

Mwezi wa Febuluwale, mvula ili pakati, Tisiyenji adajomba Lachitatu ndi Lachinayi. Lachisanu uthenga udafika wakuti malungo adamukwera m'mutu, ndipo adatsirizikira m'ngolo panjira ya kuchipatala. Ophunzira adapita kumaliro atavala yunifomu. Gloria adalira pamodzi ndi anzake, ndipo misozi yake idali yoona.

Patapita milungu iwiri, mayi a Tisiyenji adafika pasukulu. Sadalowe mu ofesi. Adakhala pansi pa mtengo wa keshya, nadikira mpaka ana ataweruka.

"Ndiwe Gloria, eti?"

"Ndine, amayi," adayankha akugwada.

"Mwana wanga, ndamva kuti Mulungu adakupatsa dzanja. Ine ndilibe chithunzi cha Tisiyenji ngakhale chimodzi. Kachiphaso kake ka mayeso a Sitandade 8 kadadyedwa ndi chiswe m'katoni. Inu mumakhala desiki limodzi, nkhope yake uli nayo m'mutu. Undiikireko papepala, ndiziti ndikamusowa ndizimuyang'ana."

Pamenepo ndi pamene Gloria akadanena zoona. Padalibe khamu la anthu, padali mayi mmodzi wachisoni, ndipo manyazi ake akadakhala aang'ono. Koma a Lyson adali atafika kale pambali pawo.

"Ameneyu sangalephere, mayi," adatero monyadira. "Lachisanu likudzali kalasi yonse ibwera kudzakupepesani, ndipo chithunzicho tibwera nacho."

"Ndiyesa, amayi," adatero Gloria, maso ali pansi.

Adayesadi. Masana atatu otsatizana adakhala kuseri kwa nkhokwe ndi pensulo yeniyeni, koma chimene chinkatuluka chidali ngati dzungu lokhala ndi maso. Adang'amba mapepala asanu ndi awiri. Kenaka adafufuza m'foni chithunzi ndi chithunzi. Mudali a Evaristo, mudali atsikana a tsitsi loluka, mudali ngakhale mbuzi za bambo ake. Tisiyenji adampeza pachithunzi chimodzi chokha, ndipo chidatulukapo chidali chigongono chake, kumapeto kwenikweni, pomwe Gloria adamusuntha mochenjera kuti asatchinge ena.

Lachitatu Gloria adatumidwa ndi mayi ake kuchigayo. Pamzere wa matumba adaona nkhope imene idamuimitsa mtima. Adali Nellie, mng'ono wake wa Tisiyenji, wa Sitandade 7. Maso adali omwewo, mphuno yomweyo. Gloria adazemberera kuseri kwa ngolo, natulutsa foni, najambula. Tsamba la pa intaneti lidagwira ntchito yake mosafunsa kuti nkhopeyo ndi ya yani. Atasindikiza, adawonjezera ndi pensulo kolala ya yunifomu ya kusekondale, nalemba pansi pake kuti "Tisiyenji".

"Ndi pachibale," adadziuza yekha. "Akufanana. Mtima wa mayiwo ukhala pansi."

Lachisanu masana kalasi yonse idawoloka dambo. Pakhomo la amasiyewo adapezapo amayi a Mvano, amene adabwera kudzachita mapemphero, atavala zoyera zawo. Mphasa zidayalidwa pafupi ndi chigafa, momwe fodya adali lende osasamalidwa, wina atayamba kuola. Adaimba nyimbo imodzi, mayi wina napemphera. Atatha, a Lyson adaimirira.

"Mayi, ife tilibe mawu okwanira. Koma mnzake wa mwana wanu wachita chimene mudapempha."

Mayi a Tisiyenji adapukuta manja pachitenje nalandira pepalalo ndi manja awiri. Amayi a Mvano adasendera kudzasuzumira.

"Kalanga ine, ndi yemweyu!" adatero mmodzi. "Ngati ayankhula."

"Mwana ameneyu ali ndi mphatso, azimayi," adavomereza wina.

Mayi a Tisiyenji adachiyang'anitsitsa. Adaliyandikiza pepalalo kumaso, nalitalikitsa, nalipendeketsa kuti liwale ndi dzuwa. Pamene adayankhula, mawu awo adali otsika.

"Ine ndimayesa mphumi yake idali yotakata kuposa apa."

"Ndi chisoni, Nabanda," adatero mayi wa pambali pawo. "Chisoni chimasokoneza maso."

"Ndimayesanso akamwetulira mlomo wake unkapendekera mbali imodzi, ngati bambo ake. Koma apa wawongoka." Adayendetsa chala patsaya la pachithunzi. "Mnzakeyu ankamuona tsiku ndi tsiku, ndipo maso ake ndi aana. Sangalakwitse. Ndalakwitsa ndine."

Misozi idayamba kugwera pachitenje.

"Milungu itatu yokha, anzanga. Mwana ndidamubereka ndekha, ndidamuyamwitsa, ndidamusambitsa tsiku lomaliza. Milungu itatu, ndayamba kale kuiwala nkhope yake? Ndine mayi wotani ine?"

"Musatero, Nabanda."

"Taonani, ndikatsinzina tsopano sindikudziwa kuti ndione iti, yanga ija kapena iyi." Adatsinzina, natsegula maso, natsinzinanso. "Ndichipachika pamwamba pa mphasa yanga. Ndizichiyang'ana m'mawa uliwonse mpaka ndimuphunzirenso mwana wanga."

Gloria adali atakonzeka kugwidwa. Njira yonse ya padambo ankaganiza zoti adzayankhe wina akadzamutsutsa. Koma palibe adamutsutsa. Onse adamukhulupirira, ndipo chikhulupiriro chawocho chinkafufuta m'mtima mwa mayi chithunzi chokhacho chimene chiswe sichikadatha kudya. Atakweza maso adaona Nellie ataima pakhomo la nyumba ndi ndowa m'manja. Mwanayo ankayang'ana pepalalo, dzanja lina litagwira tsaya lake lomwe, ndipo nkhope yake idali ndi mantha.

A Lyson adali atayamba kunena mawu otsanzika pamene Gloria adadzuka. Adayenda mpaka pakati pa bwalo nagwada padothi lonyowa, kutsogolo kwa mayi a Tisiyenji.

"Pepani aphunzitsi, ndikudulani mawu. Amayi, musachipachike chithunzicho."

"Bwanji, mwana wanga?"

"Si Tisiyenji ameneyo. Ndi Nellie."

Ndowa idagwa m'manja mwa Nellie. Mayi wina wa Mvano adagwira pakamwa. "Nkhope ya wamoyo kuilemba dzina la womwalira? Malodza anji amenewa!"

"Gloria, ukuti chiyani?" adafunsa a Lyson. "Kodi sudanene wekha kuti umajambula?"

"Ndimajambula ndi foni, aphunzitsi, osati ndi dzanja. Ndinkadziwa chimene inu mumafunsa, ndipo ndinkayankha china dala. Pali tsamba la pa intaneti limene limasandutsa chithunzi kuti chioneke ngati cha pensulo. Zonse zili kukhoma la kalasi zija ndi zotero. Ine sinditha kujambula ngakhale kapu."

Anzake adayang'anana. Ena adazolika. Gloria sadatsitse mawu.

"Nellie ndidamujambula mobisa kuchigayo Lachitatu. Iye sakudziwapo kanthu. Nellie, undikhululukire, ndidakubera nkhope yako nkuiika pamalo osayenera. Aphunzitsi, ndidakuchititsani kulonjeza chinthu chabodza pamaso pa anthu. Chilango chilichonse ndilandira, ndipo bambo anga ndikawauza ndekha."

Kenaka adatembenukira kwa mayi a Tisiyenji.

"Amayi, mwana wanu adandipempha katatu kuti ndimujambule, ine ndidamukana nkumuseka. N'chifukwa chake mulibe chithunzi lero, ndipo sindingathe kukubwezerani. Koma inu simudaiwale kanthu. Mphumi yake idalidi yotakata. Mlomo wake unkapendekadi akamaseka, unkapendekera kumanzere, mbali imene ndinkakhala ine. Zonse mwanena zija n'zoona. Wonama pano ndine ndekha, amayi. Tsinzinaninso, amene mumuone ndiye Tisiyenji."