Linthumbu Pamanda a Philemon

Ba Mailesi anamuchenjeza mkamwini wawo Mordecai nkhope atayang'ana kumbali, monga amachitira apongozi.

"Apongozi, mafuta a nkhumba musadzayerekeze kupaka mfuti iyi. Mafuta a nyama amaitana zamoyo. Komanso chitsulo chikalawa nyama chimafuna ina."

Mordecai anaseka. Iye ntchito yake inali yootcha nyama ya nkhumba m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Chipata, ndipo mafuta ankasunga m'zitini.

"Amai, mafuta ndi mafuta basi. Kabotolo kanuko n'ka makina osokera madilesi."

"Ndanena ine," anatero ba Mailesi.

Mfutiyo inali ya malemu Philemon, mwamuna wawo. Inali ndi chiphaso cha boma, yothamangitsira anyani ndi nguluwe m'munda wa chimanga. Mwini wake atamwalira, inkadikira kuti mapepala asinthidwe ipite kwa mwana wawo Oswell. Ba Mailesi ankaiopa. Komabe mvula ikayamba ankaitsitsa kudenga, kuipukuta ndi kansalu kouma, n'kudonthezapo mafuta a makina osokera. Timadontho chabe, monga ankachitira Philemon. Munalibe chipolopolo, koma ankailozetsa kukhoma.

M'mwezi wa Febuluwale, Lamulungu lina, anthu onse a m'mudzi wa Chitambala, kufupi ndi Shikabeta, anapita kutchalitchi. Pobwerako ba Mailesi anapeza chitseko chili chotseka bwinobwino. Koma kudenga kunali zingwe ziwiri zokha zikulendewera. Kachikwama ka zipolopolo nakonso kunalibe.

Oswell ananena kuti akanena kupolisi mvula ikakata, chifukwa mtsinje unali utadzaza. Kuchedwa kotereku n'koipa. Zinthu zoopsa sizidikira mtsinje.

Lachiwiri m'mamawa kunamveka kulira kwa mfuti kudambo la Kamwala. Kamodzi kokha. Mbalame zinabalalika, kenako zii.

Amayi opita kukasamalira dimba ndiwo anamupeza. Anali Bornface, woweta nkhumba wa m'mudzimo. Anagona chafufumimba m'matope, njinga yake ili pambali, gudumu lakutsogolo litapindika. Anali atatsirizika kale.

Apolisi a pa Chisengo anafika masana, matope mpaka m'mawondo. Anali Sajeni Justina ndi Konsitabulo Obby.

"Ndani anali naye mkangano?" anafunsa sajeni.

Anthu anayang'anana. Mawu a mkwiyo osamawataya pagulu, anthu amatola n'kusunga. Mwezi wapitawo nkhumba za Bornface zinadya chimanga cha Oswell, ndipo Oswell anakuwa pachigayo kuti, "Tsiku lina ndidzaombera nkhumbazo pamodzi ndi mwini wake!"

"Mfuti ya atate ako ili kuti?" anatero sajeni.

"Inabedwa Lamulungu, bwana."

"Unakanena kuti?"

Oswell anavomera kuti sanakanene kulikonse. Apolisi anamumanga unyolo n'kupita naye.

Mordecai ndiye anathandiza kwambiri pamaliro a Bornface. Anapereka nyama. Ananyamula nawo bokosi. Anauza mkazi wake Ketrina, mlongo wake wa Oswell, kuti, "Alamu anga mkwiyo wawapweteka. Tiziwapempherera."

Ba Mailesi anasiya kudya. Ankangokhala pakhonde n'kumayang'ana aliyense wodutsa: mapazi ake, manja ake, kumene maso ake akuthawira.

Patapita masiku, agalu a m'mudzi anayamba zachilendo. Dzuwa lili pamutu ankathamangira kumanda, n'kumalira kumeneko. Pobwerako mphuno zili dothi lokhalokha. Wina anabwera akudzigudubuza pansi, akudziluma m'miyendo.

"Afiti ayamba kudya masana," ankanong'onezana anthu.

"Ayi, ndi Philemon. Akufuna kudzuka akatenge mwana wake kuselo."

Ana analetsedwa kudzera njira ya kumanda. Amayi ankazungulira kutali popita kumunda.

Lachisanu Ketrina anabwera kwa amai ake kudzapempha saladi, mafuta ophikira.

"Iwe mkazi wa wootcha nkhumba ukupempha mafuta kwa ine?"

"Amai, chitini cha mafuta a nkhumba chinali chodzaza. Ndachipeza chopalidwa mpaka pansi. Atate a m'nyumba akuti ndi makoswe."

"Makoswe amatsegula chivundikiro n'kubwezeranso?"

"Kaya, amai. Ndikafunsa akukalipa. Chiyambire pamene Bornface ananena kuti nkhumba zake zikusowa ndipo akudziwa amene akuziotcha, munthu uja sagona."

Ba Mailesi anamuthirira saladi m'kapu.

Ketrina atachoka, anamanga chitenje n'kulowera njira imene aliyense ankaithawa. Mkazi salowa kumanda yekha popanda maliro. Iwo anaima m'malire, pamtengo wa msuku.

Kunali bata loipa. Ngakhale njiwa sizinkalira. Mtumbira wa Philemon unkaonekera pamenepo, mtanda wake utapendekeka. Chakumiyendo kunali kofukulidwa ndi zikhadabo za agalu. Ndipo kuchokera m'tchire munkatuluka mzere wa linthumbu, wakuda, waukulu ngati lamba. Unkadutsa manda ena onse osakhota, n'kukalowa m'dzenje la pamtumbira wa Philemon. Lotulukamo linkanyamula tinthu toyera.

Mphepo inatembenuka. Inabweretsa fungo. Silinali fungo la munthu wakufa. Philemon anagona kalekale. Linali fungo la mafuta a nkhumba osasa, lija limakakamira m'malaya a Mordecai.

"Philemon, pepani," ananong'ona ba Mailesi. "Akusungitsani katundu."

M'mawa mwake anakwera njinga ya kabaza mpaka pa Chisengo. Sajeni Justina anamvetsera osawadula.

"Ba mayo, mwaganiza bwino?" anafunsa. "Mfuti ikapezeka pamanda a bambo wake, mwana wanu ndiye wamira kotheratu. Aliyense adzati anabisa ndi iye."

"Oswell anakula akuona kabotolo ka atate ake. Sangapake nkhumba. Amene anapakayo ndinamuletsa ndi pakamwa panga pano."

"Mafuta si umboni. Aliyense angathe kupala chitini." Sajeni anagogoda tebulo ndi chala. "Koma wobisa akabwera yekha kudzafukula, imeneyo ndi nkhani ina. Obby, tenga jombo."

Madzulo a tsiku lomwelo apolisi anaitanitsa anthu pachigayo. Sajeni analankhula mokweza.

"Tamva za agalu anu. Lolemba tidzabwera ndi akuluakulu a m'mudzi kudzaona chimene chili pamtumbira wa ba Philemon. Ngati ndi chitsulo, chipita ku Lusaka. Kumeneko amaona zala za munthu amene anachigwira. Chikakhala chopakidwa mafuta olimba, zala zimatsala ngati padothi lonyowa."

Mordecai anali kumbuyo. Anapukuta manja ake pabuluku, pang'onopang'ono. Ba Mailesi anaona.

Apolisi anakwera njinga zawo n'kuchoka anthu akuona. Atawoloka dambo anabisa njingazo m'bango n'kubwerera wapansi.

Lamulungu kunacha ndi mvula yowaza. Belu la tchalitchi linalira, mudzi unatsala wopanda munthu. Mordecai anauza Ketrina kuti mutu ukumuwawa.

Nyimbo yoyamba itamveka patali, iye anatulukira kumanda ndi khasu laling'ono ndi thumba. Anayang'ana uku ndi uku. Anadumpha mzere wa linthumbu, n'kugwada pamtumbira wa apongozi ake.

"Pepani, madala," anatero, akuseka monyinyirika. "Ndabwera kudzatenga zanga."

Anakumba pang'ono. Chiguduli chinaonekera. Tsiku lija ataombera Bornface, anaopa kuti mfuti ichita dzimbiri m'dothi la mvula. Ndiye anaimata mafuta a nkhumba chitini chonse, kunja ndi m'kati, n'kuikulunga. Anaganiza kuti kumanda palibe angafukule. Za agalu ndi nyerere sanaziganize.

Anapisa manja onse awiri m'dzenjemo n'kukoka.

Chigudulicho chinatuluka chikuyenda. Chinali chakuda bii, chikunyezimira, chikuwira. Linthumbu linali litamanga mudzi m'menemo. Linakwera m'mikono mwake ngati madzi okwera nsalu. Linalowa m'malaya, m'khosi, m'makutu. Silinalume msanga. Linadikira kuti lifike ponseponse.

Kenako linaluma lonse nthawi imodzi.

Kukuwa kwa Mordecai kunamveka mpaka kutchalitchi. Nyimbo inadukira pakati.

"Polisi! Ponya pansi!" anakuwa Sajeni Justina, akutuluka kuseri kwa chulu. Obby anatulukira mbali ina.

Mordecai sanaponye. Anang'amba chiguduli, n'kuloza mfuti kwa sajeni. Munali chipolopolo chimene anaikamo tsiku lija. Anakoka ndi chala.

Palibe chinalira.

Anakokanso, mano ali gwa. Mafuta aja anali atauma pamodzi ndi dothi, ndipo mchere wa nyama unali utadya zitsulo za m'kati. Zonse zinali zitagwirana. M'kamwa mwa mfutimo munangotuluka linthumbu, likuyenda pamzere.

Obby anamukankha n'kugwera naye pansi. Unyolo unalira.

"Ndichotseni! Zikundidya! Ndichotseni, bwana!"

"Bornface anakulakwira chiyani?" anafunsa sajeni, akumukokera kutali ndi dzenje.

"Amakanena za nkhumba! Anati akandimangitsa! Ndivuleni malayawa, mayo ine!"

"Manje waona, wadzimangitsa wekha," anatero Obby, naye akudzimenya m'miyendo. "Ndipo nyerere zako zandilowa m'jombo."

Anthu a kutchalitchi anafika n'kuima m'malire a manda, mabuku a nyimbo ali m'manja. Palibe anayandikira. Ketrina anakhala pansi m'matope, chitenje chili kukamwa. Apolisi anadutsa ndi Mordecai pakati pawo. Nkhope yake inali itatupa, mitu ya linthumbu itakanirira m'zikope.

Atafika pamene panali ba Mailesi anaima.

"Amai..."

Ba Mailesi anayang'ana kumbali, monga amachitira apongozi.

"Ndinanena ine," anatero.

Oswell anatuluka m'selo sabata yomweyo. Anabwera ataonda, ndipo chiyambire sanakuwenso pachigayo. Akuluakulu anakwirira dzenje lija n'kuwongola mtanda wa Philemon. Linthumbu linachoka lokha tsiku lomwelo. Agalu anasiya kulira.

Mfuti inapita kukhoti ngati umboni, ndipo ba Mailesi anakana kuti idzabwerenso. Anati yalawa kale nyama.

Khoti lalikulu ku Lusaka linapeza Mordecai wolakwa pa mlandu wopha Bornface, ndipo linagamula kuti akhale m'ndende moyo wake wonse. Amene anakamuonako amati mabala anapola, koma munthuyo sakhazikika. Akakhala pansi amangodzikuntha m'mikono ndi m'khosi, n'kumafunsa oyandikana naye ngati nawonso akuziona nyerere zikubwera pamzere.