Kabotolo Kopanda Dzina

Zakeyo wa ku Lirangwe anali mphawi wa nsapato imodzi. Ntchito yake inali yonyamula bokosi pa kafukufuku wa mafuta opaka a chipere. Madokotala ankapala pang'ono khungu la odwala n'kuika m'timabotolo tolembedwa nambala yokha, kuti oyeza ku Blantyre asakondere munthu. Zakeyo ankapita nato ku tauni pa njinga yamoto ya kuntchito. Akadutsa pa Chileka n'kuona anzake a kusukulu akutsika m'magalimoto, mtima unkamuwawa.

Tsiku lina anakhotera ku Mdeka, kwa sing'anga wotchedwa a Fikirini, kukafuna mankhwala a chuma.

"Chuma si nkhani, achimwene," anatero a Fikirini, maso ali pabokosi. "Muli chani umo?"

"Khungu la odwala, bambo."

"Ndiye mbewu mwabwera nayo kale. Sabata iliyonse kabotolo kamodzi kazitsala kuno. Mwini khungulo sadzapola. Zilonda zake zizidyetsa chuma chanu."

"Nanga akafa?"

"Mukuwadziwa? Paja palibe dzina."

Zakeyo anavomera. Kuntchito ankanama kuti kabotolo kasweka m'mabampu.

Posakhalitsa anagula chigayo, kenako minibasi. Bokosi lija sanalisiye, ndipo anthu ankamutama kuti ndi wodzichepetsa. Odwala ambiri anapola ndi mafutawo, koma ena chipere chinasanduka zilonda zonyeka, madokotala mpaka kuyamba kukayikira mankhwala awo omwe. Zakeyo ankawapeza odwalawo pabenchi, ntchentche zikuwazungulira, akumupatsa moni waulemu. Iye ankadziwa chifukwa chake, ndipo chakudya chinaleka kumukomera. Sabata iliyonse ankalumbira kuti aka ndi komaliza, koma ku Mdeka ankakhoterabe.

Kenako mwana wake yekhayo, Akuzike, anatuluka chipere m'mutu. Zakeyo analetsa mkazi wake Lettie kupita naye ku kafukufuku, chifukwa chake osanena. Lettie anaona ngati ndi matama a chuma. M'mawa wina mwamuna wake ali kuchigayo, anapita naye mwanayo ku kafukufukuko mwakachetechete. Masana ake Zakeyo ananyamula bokosi monga mwa masiku onse, n'kukasiya kabotolo kamodzi ku Mdeka.

Mwezi usanathe, mutu wa Akuzike unali bala lokhalokha.

"Mafuta a kuchipatala aja sakumuyanja," anatero Lettie akulira. "Ndinapita naye, bambo ake Akuzike. Anamupalanso khungu."

Zakeyo anathamangira ku Mdeka wopanda nsapato.

"Bwezani kabotolo ka mwana wanga. Chigayo tengani, minibasinso."

A Fikirini analoza lichero lodzaza timabotolo topanda kanthu. "Kati? Sankhani nokha. Enawo analibe makolo?"

Akuzike anamwalira mvula yoyamba isanagwe. Kafukufuku anaimitsidwa, ndipo mafuta amene akanachiza ana ambiri anatsekeredwa m'makatoni. Pamaliro Zakeyo anaulula zonse pamaso pa mpingo, koma panalibe wotha kumukhululukira, ngakhale iye mwini. Lettie anabwerera kwawo ku Chigaru.

Lero mukafika pamsika wa Lirangwe mumpeza atakhala pansi, akupala mikono yake ndi lezala n'kumaika m'timabotolo totola kudzala. Aliyense wodutsa amamutambasulira kamodzi, n'kunena kuti: "Kapereke ku Mdeka. Aka kali ndi dzina, ndi ka Zakeyo."

Dyera limakunamiza kuti amene ukumupweteka ndi mlendo. Chuma chofuna khungu la mnzako sichifunsa dzina, ndipo tsiku lina chidzadya wa m'nyumba mwako.