Dzina Losowa Pamndandanda

Mai Lizzie anali atagwada pakhonde akuzira, dothi lili mpaka m'zigongono, pomwe mwana wawo Janeth anafika akuthamanga kuchokera kukwaya. Linali Lachisanu, mwezi wa Novembala chaka cha 1989, ndipo dzuwa la kufupi ndi ku Nkope linkaumitsa dothi munthu asanalisalaze n'komwe.

"Usaponde apo," anatero mayiwo osadzutsa mutu.

Janeth anaima panja pa khonde ndi kapepala m'manja. Ananena kuti Lamulungu kutchalitchi kudzakhala mapemphero okumbukira asilikali amene anafera kunkhondo, ndipo a Simioni, mkulu wa mpingo, asankha iyeyo kuti akawerenge mayina. Dzina la bambo ake, a Gilford, linali pomwepo.

Mai Lizzie anamuuza kuti akawerenge bwino, asakameze mawu, koma iwo sapita. Analibe mphamvu zoliranso anthu akuwayang'ana. Amuna awo anafera ku Mozambique chaka chathacho, kumene asilikali ankalondera njanji. Bokosi linabwera palole lili lokhomera, ndipo olibweretsa anati lisatsegulidwe. Mwambo woona nkhope sunachitike. Kuyambira pamenepo Mai Lizzie ankangodziwa ntchito basi: kuwamba nsomba, kugulitsa, kuphika, kugona.

"Koma amayi, dzina la a Sulemani palibe."

Dzanja la mayiwo linaima pamwala wozirira.

A Sulemani Bakali anali mnzawo wa a Gilford kuyambira ali anyamata. Usilikali analowa limodzi, ndipo anafa tsiku limodzi galimoto yawo itaponda bomba lokwirira. Lole ija inanyamula mabokosi awiri. Lachiwirilo linakatsikira kwa Abiti Ajira, mayi awo a Sulemani, pafupi ndi mzikiti. Janeth anati anafunsa a Simioni, koma anamuyankha kuti mndandandawo ndi wa anthu amumpingo.

Mai Lizzie anakhala pansi n'kuyang'ana pabwalo. Pabwalo lomwelo ndi pamene amuna awiriwo ankafikira akabwera kutchuthi, zikwama zili paphewa, nsapato zili mbuu ndi fumbi la pamsewu. A Gilford ankathamangitsa nkhuku okha, koma akaigwira, mpeni ankapatsa a Sulemani, kuti nyamayo adye onse. A Sulemani ankayang'ana kumpoto n'kunena mawu awo mosafulumira, a Gilford ali pambali kuwanyogodola kuti Shehe achite changu, njala siimva Chiarabu. Nawo a Sulemani ankabwezera pa nthawi ya chakudya, amvekere pemphero la a Gilford likamatha ndiwo zimakhala zitazizira kale. Kuseka kwawo kunkamveka mpaka kuchitsime.

Mai Lizzie anasamba m'manja, namanga chitenje china, n'kusiya khonde lili theka.

Sanayambe kwa a Simioni. Anayamba kwa Abiti Ajira, poti dzina la mwana wa munthu sungangolinyamula n'kukalowa nalo m'tchalitchi mwini wake osadziwa. Anawapeza akusankha mpunga m'lichero. Atalonjerana, Mai Lizzie anafotokoza nkhaniyo mosazungulira, nafunsa ngati zikanawakhumudwitsa.

 Abiti Ajira anati chichitireni sadaka ya masiku makumi anayi, dzina la mwana wawo amalitchula ndi iwo okha. Wailesi sinalitchule. Amene anabweretsa bokosi sanabwerenso.

"Mapemphero anu ndi anu, athu ndi athu," anatero. "Koma dzinalo sindinalibise ine. Kalitchuleni."

Mai Lizzie anakapeza a Simioni kuseri kwa tchalitchi akudula maluwa ofiira apepala oti anthu adzavale pachifuwa. Mkuluyo anali munthu wabwino, koma wamantha ndi chilichonse chosalembedwa. Anati pepala analitaipa kale. Anati abusa afika Lamulungu lomwelo, nthawi yokambirana palibe. Anatinso anthu akadabwa kumva dzina la Msilamu m'nyumba ya Mulungu, ndipo nkhani za ku Mozambique si zofuna kuzikuza, masiku ano munthu amasamala pakamwa.

"Bambo Simioni, kwathu mwadyako nkhuku kangati?"

A Simioni anaseka mwamanyazi, nati sangawerenge.

"Ankazinga ndani? Munkanyambita zala inu, osafunsa kuti ali mumpingo uti. Ndipo lemba lija mumawerenga chaka ndi chaka, la munthu wotaya moyo chifukwa cha anzake, ine sindinamvepo likutchula kaundula wanu."

Mkuluyo anakanda m'mutu nati aona. Mai Lizzie ankadziwa tanthauzo la "tiona" wa a Simioni. Anabwerera kunyumba atakwiya, ndipo Loweruka lonse anakhalira kuwamba utaka osayankhula ndi munthu.

Lamulungu m'mawa Janeth anadabwa kuona mayi ake akumanga duku loyera. Mayiwo anangomuuza kuti afulumire, asawayang'ane ngati waona mzukwa.

M'tchalitchi munali kutentha. Mai Lizzie anakhala pabenchi lakumbuyo. Kutsogolo kunali madala awiri amene anamenya nkhondo ya ku Burma, atavala majekete akale ndi mamendulo opukutidwa ndi phulusa. Abusa analalikira mwachidule. Anati pokumbukira asilikali sitikondwerera mfuti, koma timathokoza Mulungu chifukwa cha anthu amene anachoka pakhomo pawo kuti ena agone mwamtendere, ndipo timawapereka m'manja mwake. Ananenanso kuti mayina akatha, a Simioni aliza belu, ndipo mpingo ukhala chete mphindi ziwiri.

Janeth anaimirira. Anawerenga mayina asanu ndi awiri, oyamba a nkhondo zakale. Pa dzina la bambo ake mawu ananjenjemera, koma sanawameze. Pepala linathera pomwepo. Anayang'ana a Simioni, kenako anayang'ana kumbuyo.

Mai Lizzie anaimirira.

"Sulemani Bakali."

Anatchula ndi mawu omwe ankaitanira makasitomala pamsika. Mitu inatembenuka. Mayi wina ananong'oneza mnzake, mwana wina anaseka n'kutsinidwa. A Simioni anali atakweza kale kabelu kawo. Anagwira lilime la kabeluko kuti kasalire, naima chomwecho, thukuta likutsika m'khosi. Anayang'ana abusa. Abusa anangodikira.

"Sulemani Bakali," anabwereza a Simioni, mokweza kuti ndi akukhomo amve. "Mwana wa Abiti Ajira, wa m'mudzi mwathu muno. Anafa limodzi ndi Gilford."

Mmodzi wa madala aja anadzuka movutikira n'kuima njo, dzanja pachipumi. Belu linalira.

Mphindi ziwiri zija zinatalika. Panja mbuzi inkalira, ndipo malata ankathetheka ndi dzuwa. Mai Lizzie anatseka maso. Chaka chonse akaganiza za amuna awo ankangoona bokosi lokhomera. Tsiku limenelo anaona nkhope, ndi mpata uja wa pamano, ndi chipsera cha mbedza pachibwano. Misozi inatsika ndipo sanaipukute. Anapemphera mawu ochepa, kuti Mulungu awasunge onse awiri, ndi amayi amene anawasiya.

Lolemba m'mawa anabwerera pakhonde. Dothi limene anasiya m'beseni linali litauma gwa, ndipo pamene analekezera panali patang'aluka. Janeth, atavala kale yunifolomu, anafunsa ngati angadzere kwa Abiti Ajira kukawauza zimene zinachitika.

Mai Lizzie anati anapitako kale dzulo madzulo.

"Ndiye anati chiyani?"

"Anafunsa ngati anthu anamva. Ndinati anamva kawiri." Anathira madzi m'beseni n'kuyamba kuphwanya zibuma ndi manja. "Nditungire ndowa imodzi usanapite. Ndipo udzere uko, usaponde apa."

Janeth ananyamula ndowa. Mayi ake anagwada, natenga mwala, n'kuyambira pamene panang'aluka paja. Mbali yakukhomo inali isanakhudzidwe n'komwe.