Anadikira Kuti Nasinza Agone

Anakumana pa benchi ya kuchipatala, kunja kwa chipinda cha dokotala wa matenda a m'tulo. Kunena zoona, oyamba kukumana sanali maso awo. Unali mutu wa mtsikanayo ndi phewa la mnyamatayo.

Kuntchito kwake, ku shopu yosoka zovala, mtsikanayu ankamutcha Nasinza. Ankasinza pa makina, ankasinza m'basi, ndipo tsiku lina anasinza akuyeza kasitomala m'chiuno. Singano inali itamulasa zala zonse. Dokotala anamuuza kuti si ulesi ayi. Akagona, njira ya mpweya imatsekeka kukhosi, amasiya kupuma kambirimbiri, thupi n'kumadzidzimuka mwiniwake osadziwa.

Anayamba kugona ndi makina opumira, okhala ndi payipi ndi masiki ovala kumphuno. Koma masikiwo ankathawitsa mpweya m'mbali, malamba ankamudinda masaya, ndipo ankadzukabe wotopa ngati wachezera kusenza njerwa. Tsikulo anabwera kudzadandaula.

"Pepani achimwene," anatero atadzidzimuka, akupukuta pakamwa ndi manyazi.

"Musadandaule. Phewali linalibe ntchito lero," anayankha mnyamatayo akumwetulira. Pamiyendo pake panali tabuleti, kakompyuta kam'manja. Anafotokoza kuti amagwira ntchito ku kampani yopanga makina omwewo, ndipo amutuma kukonza tsamba lawo la pa intaneti. Ankafunsa odwala zimene amafuna kupezapo.

"Tsamba lanulo ndinalitsegulapo," anatero Nasinza akuyasamula. "Linandiwonjezera tulo."

"Chonde musandibisire. Chalakwika n'chiyani?"

"Manambala okhaokha, ndi mayina a makina omveka ngati a ndege. Ine ndimafuna zazing'ono, achimwene. Payipi ndiitsuke ndi chiyani? Sefa ikada ndikaipeze kuti? Magetsi akazima ndili m'tulo, ndifa kapena ndidzuka? Mpweya ukamathawira m'maso, ndimange lamba uti? Zimenezo mulibe."

Zala za mnyamatayo zinkathamanga pa tabuleti.

"Komanso mkazi wanu uja wa pachithunzi," anapitiriza, tulo titayamba kumuchoka. "Wagona tsitsi lili bwinobwino, milomo yopaka, akumwetulira ngati akulota ukwati. Ndani amagona choncho? Ikanipo nkhope yeniyeni, ya munthu amene malamba amudinda masaya. Ifenso tidziwe kuti sitili tokha."

"Nkhope yeniyeni," mnyamatayo anabwereza pang'onopang'ono, akumuyang'ana. "Mungandipatse nambala yanu? Mwina ndikhala ndi mafunso ena."

Mafunsowo anabweradi. Poyamba anali a makina okhaokha. Kenako anayamba kubwera atavala zina.

"Wadzuka bwanji, Katulo wanga? Masiki sanakuvute?"

"Mpweya wanga, wadya? Ndiuze, chimene chimakuopsa kwambiri pa makinawa n'chiyani?"

Nasinza ankakhala ndi akulu ake, mayi wosabisa mawu, amene ankagwira ntchito yochapa zovala ku hotela. Iwo ndi amene anapatsa mnyamatayo dzina lakuti Bambo Mafunso.

"Mwamuna wofunsa chonchi ndi wapolisi kapena wamalonda," anatero tsiku lina akusita. "Nanga iwe wamufunsapo chiyani?"

"Achemwali, inu mumakayikira ngakhale dzuwa."

"Dzuwa silinandipemphepo nambala."

Nasinza anangoseka. Akanatani? Bambo Mafunso anali atamupezera masiki aang'ono, ofewa, oyenera mphuno yake. Anamuphunzitsa pa foni kumanga malamba atagona, osati atakhala. Kwa nthawi yoyamba, mtsikanayu anadzuka mutu uli mbee. Kuntchito anamaliza diresi lonse osadzibaya, anzake mpaka anamuwombera m'manja. Munthu wokubwezera tulo ungamukanize mtima?

Ndiye anamupatsa mtimawo, ndi zonse zimene zinali m'menemo. Madzulo ena, atakhala pamalo odikirira basi, anamuuza zimene sanauzepo mwamuna aliyense.

"Ndinali ndi wina kale. Tinatsala pang'ono kukwatirana. Anathawa mkonono wanga. Anati kugona pafupi ndi ine kuli ngati kugona m'kachipinda ka jenereta."

"Chitsiru chimenecho," anatero Bambo Mafunso akumugwira dzanja.

"Chilandirireni makinawa, palibe amene anandionapo nditavala. Ndimawasunga m'katoni pansi pa bedi. Ngakhale achemwali akalowa, ndimatembenukira kukhoma."

"Ine ndidzakuona, ndipo sindidzathawa. Ndikulonjeza, duwa langa. Payipi, malamba, zonsezo ndi iwe, ndipo ine ndikufuna iwe yense."

Tsikulo linafika Lamulungu lina masana. Achemwali anali kuntchito, kunja kunkatentha, ndipo Nasinza anayamba kugwetsa mutu pakati pa nkhani.

"Gona pang'ono, Katulo wanga."

"Popanda makina ndiliza mkonono."

"Ndiye vala."

Nasinza anakoka katoni ija. Analumikiza payipi, anathira madzi m'kabotolo ka makina, anamanga malamba. Sanafune kukweza maso.

"Tandiyang'ana," anatero Bambo Mafunso. "Ukuoneka ngati woyendetsa ndege. Unditengere kulikonse kumene ukupita."

Nasinza anaseka, mpweya n'kutulukira pakamwa ndi phokoso loseketsa, onse awiri n'kusekanso. Kenako anagona tulo tokoma, mutu uli pa pilo wa maluwa achikasu amene anasoka yekha. Wina anali atamuona, ndipo sanathawe.

Atadzuka, mnyamatayo anamuonetsa foni. Anali atamujambula.

"Fufuta," anatero Nasinza.

"Ichi ndi changa ndekha, mpweya wanga. Palibe diso lina lidzachione. Ndikakusowa ndizichiyang'ana. Kodi sukundikhulupirira?"

Anamukhulupirira.

Chitachitika chimenecho, mafunso anayamba kuchepa. Mauthenga anafupika ngati nsalu yochapidwa ndi madzi otentha.

"Ndili mu miting'i. Ndiyimba."

"Tsamba latsopano likutuluka posachedwa. Ntchito yandipanikiza, dalingi."

Nasinza ankayang'ana foni mpaka maso kuwawa. Makina ankagwira ntchito yake bwinobwino, koma iye anayambanso kudzuka wotopa. Kunali kutopa kwina, kumene dokotala sangakupeze pakhosi. Ankadzitonthoza kuti ntchito ikatha, munthu wake abwerera. Si anali atalonjeza?

Tsiku lina m'mawa, ku shopu kunabwera mayi wina wachikulire kudzayeza diresi la ukwati wa mwana wake. Nasinza anagwada, mapini ali kukamwa, akupinda m'munsi mwa diresilo. Mayiwo ankangomuyang'anitsitsa.

"Mwanawe, takweza nkhope. Kodi si iwe?"

"Ine ndani, amayi?"

"Wa pa intaneti uja! Bambo a kunyumba kwanga anawapatsa makina opumira, koma ankakana kuvala, ati amuna anzawo adzawaseka. Mwana wathu anatitsegulira tsamba la kampani, ndiye tinakuona iwe. Ndinawauza kuti, 'Taonani kamtsikana aka sikakuchita manyazi, nanga inu ndevu zonsezi?' Pano akuvala. Mulungu akudalitse."

Anatulutsa foni m'chikwama n'kumuonetsa.

Inali nkhope yake. Maso otseka, masiki pamphuno, tsaya lodindidwa ndi lamba, tsitsi lophwanyika mbali imodzi. Pansi pa mutu panali pilo wa maluwa achikasu. Ndipo m'munsi mwake munalembedwa ndi zilembo zazikulu: "Amene ndinkafuna kukwatirana naye anathawa mkonono wanga. Tsopano ndimagona mwamtendere."

Mapini anagwa pansi.

Anzake anasiya makina n'kuunjikana. "Nasinza watchuka!" anatero wina. Wina anawerenga mawu aja mokweza, anayamba kuseka, koma ataona nkhope ya mwiniwake anatseka pakamwa.

Nasinza anatenga foniyo n'kutsitsa tsambalo ndi chala chake chodzaza mabala a singano. Zonse zinalimo. Katsukidwe ka payipi. Kopeza sefa. Zimene zimachitika magetsi akazima. Lamba woyenera kumanga mpweya ukamathawira m'maso. Ngakhale yankho la funso lija lakuti chimamuopsa kwambiri n'chiyani linalimo, lokonzedwa bwino, lopakidwa utoto wobiriwira. Tsambalo linali labwino kwambiri. Chimenecho ndicho chinamupweteka koposa.

Anamaliza kupinda diresi la mayiwo, chifukwa ukwati wa mwana wa eni sunalakwe kanthu. Kenako anapempha abwana ake kuti achokepo pang'ono.

Ku ofesi ya kampaniyo anamukhazika pampando wofewa, pafupi ndi khomo lagalasi. Zikope zinkamulemera, koma tsikulo sanasinze. Bambo Mafunso anatulukira atavala jekete latsopano, tabuleti ili m'khwapa. Atamuona anaima pang'ono, kenako anatambasula manja.

"Katulo wanga! Bwanji osandiuza kuti ukubwera?"

"Khalani pansi, achimwene."

Mawu akuti achimwene anamuziziritsa. Anakhala.

"Ndachiona," anatero Nasinza.

"Ndinkafuna kukuuza, koma ndimadikira nthawi yabwino. Tamvera, anthu akulikonda tsambali. Mabwana asangalala. Odwala akuyimba kuthokoza. Ndipo dzina lako sindinalembepo ayi."

"Nkhope ndi dzina, chachikulu n'chiti?"

"Koma unanena wekha, mpweya wanga. Pa benchi paja. Unati tiikepo nkhope yeniyeni."

"Ndinati nkhope yeniyeni. Sindinati yanga." Analankhula motsitsa, ngati munthu amene wayenda ulendo wautali. "Mukudziwa chikundiwawa? Mukanandipempha ndili maso, mwina ndikanavomera. Ndikanapesa tsitsi kapena osapesa, koma ndikanasankha ndekha. Inu munadikira kuti ndigone."

"Ndimakukonda. Zimenezo si zabodza."

"Mwandifunsa zambiri, ine sindinakufunsenipo kanthu. Lero ndifunse funso limodzi. Pa benchi paja, pamene munkandiyang'ana n'kunena kuti mwina mukhala ndi mafunso ena, chithunzichi munali mutachiganiza kale?"

Maso a Bambo Mafunso anagwera pa tabuleti, ngati yankho lili m'menemo.

Nasinza anaimirira.

"Nkhope yanga muichotse lero. Nkhani ya amene anandithawa muichotsenso, ndinauza chibwenzi changa, sindinauze kampani. Mukapanda kutero, ndibwera ndi achemwali kudzaonana ndi mabwana anu, ndipo iwo sayankhula motsitsa ngati ine. Za payipi, za sefa ndi za magetsi muzisiye. Anthu akuzifuna."

"Nanga ife?"

"Ife tinatha ntchito tsiku limene tsamba linatuluka."

Anafika kunyumba dzuwa likadalipo. Achemwali anali atamva kale, pakuti nkhani ya mu shopu siyenda pansi. Sananene kuti ndinakuuza. Anangomulandira chikwama n'kumuvula nsapato ngati mwana.

"Ulire kaye, kapena udye kaye?"

"Ndigone kaye, achemwali. Ndatopa."

Foni inalira. Unali uthenga.

"Chithunzi ndachotsa. Ndikhululukire, mpweya wanga. Popanda iwe sindingathe kupuma."

Nasinza anauwerenga, misozi n'kudonthera pagalasi la foni. Anaipukuta ndi chala, ndipo analemba: "Kulephera kupuma ndimakudziwa ine, achimwene. Si zimenezo. Mugona bwinobwino."

Anazimitsa foni. Anagwada, anakoka katoni ija pansi pa bedi, anatulutsa makina n'kuwaika patebulo, poonekera, pafupi ndi galasi lodziyang'anira. Katoniyo anaipereka kwa akulu ake.

"Mukanditayire iyi."

Anamanga malamba atagona, monga anamuphunzitsira munthu uja, pakuti chimenecho chokha sichinali bodza. Achemwali anaima pakhomo, katoni ili m'manja, akudikira kuti atembenukire kukhoma monga mwa masiku onse.

Sanatembenuke.