Fyness Waima pa Kadontho

Fyness ankakhala pa Jenda. Anali mu Sitandade 5. Ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuwerenga Chingerezi pa tsiku lotsekera sukulu, makolo onse akumva.

Mawu ankawadziwa bwino. Koma liwiro lake, abale! Akayamba kuwerenga, sankaima. Ankadumpha timadontho tonse. Ankathamanga mpaka mpweya kumuthera.

"Fyness, akukuthamangitsa ndani?" anafunsa Madamu Scholastica, aphunzitsi ake. "Kadontho aka ndi mpumiro. Chiganizo chathera pomwepo. Ukapanda kusintha, awerenga ndi mnzako Brave."

Fyness zinamuwawa kwambiri. Ataweruka anapita kumsika. Amayi ake ankagulitsa matimati m'mphepete mwa msewu. Anawapeza akuika milu. Mulu, mpata. Mulu, mpata.

"Amama, mipatayi ndi ya chiyani?" anafunsa Fyness.

"Ndikaunjika pamodzi, mbwenu wogula saona kanthu," anatero amayi. "Amangodutsa."

Fyness anaganiza. Kenako anatsegula buku lake.

"Amama, ine ndiwerenga chiganizo chimodzi. Inu muike mulu umodzi. Sindipitiriza mpaka mutamaliza."

"Chizungucho ine sindichimva, mwana wanga."

"Palibe kanthu, Amama. Inu mbali yanu ndi matimati."

Fyness anawerenga, n'kuima. Amayi anaika mulu. Fyness anawerenga, n'kuima. Amayi anaika mulu wina. Anachita zimenezi Lolemba. Anachita zimenezi Lachiwiri.

Lachitatu Madamu anamvetsera Fyness akuwerenga mpaka kumapeto.

"Basi, uwerenga ndiwe," anatero.

Lachisanu makolo anadzaza bwalo la sukulu. Fyness anaima kutsogolo. Anatsegula buku lake. Anawerenga chiganizo choyamba. Anafika pa kadontho. Anaima.

Amayi ake anaganiza kuti wamaliza. Anadzuka n'kuimba nthungululu!

Anthu onse anaseka. Fyness anasekanso. Mantha onse anatha. Anakoka mpweya, n'kuwerenga chiganizo chachiwiri. Anaima. Nthungululu zinamvekanso! Pa chiganizo chachitatu amayi ena analowerera. Ziganizo zinalipo zisanu ndi zitatu. Chilichonse chinalandira nthungululu zake.

Atamaliza, bwalo lonse linawomba m'manja. Ngakhale Brave anawomba. Fyness anathamangira kwa amayi ake. Amayi anamukumbatira.

"Yewo, mwana wanga! Wawerenga bwino chomene!"

"Koma Amama, mwamva chiyani?" anafunsa Fyness uku akuseka.

"Chizungucho sindinamve ngakhale liwu limodzi," anatero amayi. "Ine ndamva mwana wanga."