Gudumu la Mayi Rennie

Kwathu, m'mphepete mwa mtsinje wa Spey, mukanafunsa wokonza magudumu a mbedza, ngakhale mwana akanakulozerani khomo la bambo anga, a Hector Geddes. Anali mkulu wa mpingo, munthu wa mawu ochepa. Sitinali olemera, koma phala la m'mawa silinkasowa, ndipo tisanaligwire bambo ankayamba awerenga Mawu, ife maso ali pambale.

Gudumu ndi lija amamangirira ku ndodo yowedzera, lokulungapo chingwe. Kunja magudumu onse amanyezimira mofanana. Bambo ankati mtengo wa gudumu uli m'kati, pa buleki. Nsomba yaikulu ya salimoni ikameza mbedza yathu ya nthenga imathawa ndi mphamvu zoopsa. Buleki yabwino imalola chingwe kutuluka mofewa mpaka nsombayo itatopa. Buleki yachabe imati kugwira, kutaya, kugwira, chingwe n'kuduka.

Maso a bambo atayamba kuchita chifunga, ntchito ya tizitsulo ting'onoting'ono anaisiyira mlongo wanga wamng'ono, Struan. Luso anali nalo, limenelo sindingamumane. Koma mtima wake unali pa njinga yamoto ndi pa anyamata a kumowa.

"Struan," ankatero bambo, "mwini gudumu satsegula m'kati. Amangotikhulupirira. Ukamamanga buleki uzikumbukira kuti alipo amene akuona."

"Ndamva, ababa."

Kuyankha kokha ankakutha mwana ameneyu.

Kumowako anakumana ndi Lachie, mnyamata wogulitsa zinthu pa intaneti, wa nsapato zoyera ngati sapondako pansi.

"Aise, ukusaukiranji utakhalira chuma?" anatero Lachie. "Mabuleki a m'magudumu odulawa anthu akunja akuwalirira. Ine ndikupatsa apulasitiki, olowa ndendende. Uzichotsa enieniwo, uziika angawa, tizigawana."

"Nanga akadziwa?"

"Adziwa bwanji? Madala amenewa chaka chonse amagwira tinsomba tonga chala changachi. Buleki amaigwiritsa liti? Iwo anagula ulemu, ulemuwo uwasiyira wonse. Kapena ukuopa kuti adadi akukwapula?"

Chondipweteka n'chakuti Lachie sananame kwenikweni. Ambiri amakalamba osakumana ndi nsomba yoyesa buleki. Struan anasintha buleki ya gudumu limodzi. Mwini wake anabwera, analipira, anathokoza. Lachiwiri analisintha osaganizanso kawiri.

Amayi ndiwo anayamba kununkhiza.

"Jekete yachikopayi yagwa kumwamba?"

"Anzanga andipatsa, amayi."

"Anzako amenewo ali ndi mtima wabwino bwanji! Uwauze kuti nanenso ndimamva kuzizira. Iwe Struan, ndinakubereka ndine. Chimene ukuchitacho usiye bambo ako asanachite nacho manyazi."

Nanenso ndinamupanikiza pakhomo tsiku lina akununkha wisiki. Anandiseka. "Achemwali, mwayamba liti upolisi?" Ndinamusiya, ndili ndi ukali wosadziwa poutula.

Chakumapeto kwa chisanu kunabwera Mayi Rennie, namwino wopuma ntchito amene anabereketsa theka la mudzi wathu, ndi Struan yemwe. Amuna awo anali atamwalira chaka chomwecho. Anthu a m'mudzi anawapempha kuti pa tsiku lotsegulira nyengo yowedza aponye mbedza yoyamba m'malo mwa malemuwo. Anatulutsa gudumu lokulungidwa m'mpango.

"A Geddes, la malemu ili. Anasunga ndalama zaka zambiri kuti aligule, ine ndikuwanena kuti akuwononga. Ndingalipereke kwa ndani ngati si inu?"

"Musadere nkhawa, mayi. Lituluka muno ngati latsopano."

Bambo analipereka kwa Struan. Ndimachita manyazi kulemba izi, koma nalonso mlongo wangayo analisintha.

Tsiku lotsegulira linafika ndi mphepo yoluma makutu. Mudzi wonse unali pamtsinje. Woimba chitoliro anaimba, abusa anapemphera, wisiki anathiridwa m'madzi monga mwa chaka ndi chaka. Mayi Rennie analowa m'madzi mpaka m'maondo n'kuyamba kuponya. Anthu anali atayamba kucheza zina pamene ndodo inapindika.

"Yagwira! Yagwira!"

Nsombayo inalumpha tonse tikuona, yaitali ngati mwendo wa munthu. Inathawira kumunsi. Gudumu linalira bwino pang'ono, kenako linayamba kukakamira. Linagwira, linataya, linagwiratu. Ndodo inawakoka mayiwo, chingwe chinaduka, iwo n'kugwa chagada pamiyala. Anyamata anawavuula akunjenjemera, dzanja lamanja litathyoka.

Bambo anatola ndodo ija. Gudumu linali lotentha, likununkha ngati chigubu chopserera. Analitsegula ndi kampeni pomwepo, anthu atawazungulira. M'kati munali pulasitiki yosungunuka.

"Pulasitiki?" anakuwa mkulu wina. "M'gudumu la mtengo umenewu? Walikonza ndani?"

Bambo anatembenuka n'kuyang'ana Struan. Sanamuloze, anangomuyang'ana, kumudikira. Ine ndinali pambali pake, ndinamugunda ndi chigongono. Struan anayang'ana nsapato zake, kukamwa kuli gwa.

"Latuluka m'nyumba mwanga," anatero bambo potsiriza. "Mlandu ndi wanga."

Sabata imeneyo mwamuna aliyense m'chigwa chathu anatsegula gudumu lake. Pakhomo pathu panachita mzere. Ena ankaponya magudumu patebulo osapereka moni. Lachie foni yake inasiya kulira, ndipo sanaonekenso. Bambo anagulitsa galimoto ndi makina awo kuti abwezere aliyense buleki yeniyeni. Anatula pansi ukulu wa mpingo. Ine ndikalowa m'sitolo anthu ankasiya nkhani, ndipo ndinamva mayi wina akunong'ona kuti, "Opemphera kwambiriwa ndi omwewa." Ndinatuluka osagula kanthu, nkhope ikuyaka.

Kunyumba bambo sanamukalipire Struan. Ankamupatsira mchere patebulo ngati kale. Chimenecho ndicho chinamudya. Anasiya kudya, anasiya mowa, jekete ija anaitaya. Tsiku lina anagwada pamaso pawo akulira.

"Ababa, ndine ndinachita. Ndikhululukireni."

"Ndinadziwa pamtsinje pomwe paja, mwana wanga. Ndinakukhululukira tisanafike kunyumba. Koma amene unawalakwira si ine ndekha."

Lamulungu lotsatira, nyimbo yotsiriza itatha, Struan anaimirira pakati pa mpingo. Ananena zonse, za Lachie, za ndalama, za gudumu la malemu a Rennie. Atamaliza anakhala pansi. Ine mumtima ndinati basi, dzina la bambo labwerera.

Potuluka, Mayi Rennie anamuyandikira, dzanja lili m'bandeji. Anamusisita patsaya ndi dzanja linalo.

"Mwana wabwino iwe. Usadzipachike mlandu wa bambo ako. Tonse tinawamva akuvomera okha."

"Ayi, mayi, ndinedi! Ndikulumbira!"

"Basi, basi. Mulungu akudalitse chifukwa cha mtima umenewu."

Ndi mmene mudzi unamvera. Alipo ochepa amene anamukhulupirira Struan, koma ambiri mpaka lero amati Hector Geddes anali wakuba amene anabereka mwana wa chifundo. Struan anayenda khomo ndi khomo kufotokoza, ndipo kulikonse ankamupatsa tiyi ndi kumuyamikira. Bambo anamwalira asanakonzenso gudumu la munthu. Pamaliro pawo, mipando yambiri inali yopanda anthu, ndipo ochepa amene anabwerawo ankagwira dzanja la Struan n'kumati, "Unayesetsa kuwatchinjiriza." Iye ankangolira.

Achinyamata, ndikuuzeni mosabisa. Musabe, ngakhale pamalo pamene mukuti palibe adzatsegule. Ndipo mukalakwa, vomerani nthawi yomweyo, pamene funso likufunsidwa. Mulungu anamukhululukira mlongo wanga, sindikayika. Koma choonadi chimene anachibisa pamtsinje paja, atabwera nacho mochedwa, panalibenso wochilandira.